Kachipangizo koyezera moto wa m'balani kakumaliza batire tsiku limodzi: ndigule lalikulu?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Chamama, m'boma la Kasungu. Alemba motere:

"Ndimalima fodya wa flue cured ndipo ndili ndi mabalani atatu, pa mtunda wa makilomita ngati atatu kuchokera kunyumba. Chaka chatha mnyamata wosonkheza moto anagona usiku, moto n'kuzirala, ndipo atadzidzimuka anaunjika nkhuni m'ng'anjo kuti abise mlandu. Fodya wa balani lonselo anatuluka wakuda, ku Chinkhoma anapita pa mtengo wolira nawo. Mwana wa mlongo wanga anaphunzira zamagetsi, ndiye wandipangira kachipangizo koyeza kutentha kwa m'balani n'kumanditumizira pa foni. Akuti ndi ESP32, ndipo batire lake ndi 18650 lomwe anachotsa m'laputopu yakale. Kakugwira ntchito ndithu, koma batire likutha tsiku limodzi basi, komanso pakufunika foni ina yotsalira kubalaniko yoti izikapatsa intaneti. Ine ndinamva kuti tizipangizo totere timatha zaka zisanu osasintha batire. Kodi mwanayu walakwitsa, kapena atigulitsa zachinyengo? Ndigule batire la galimoto?"

Bambo, mtima ukhale m'malo, ndipo pepani ndi fodya wa chaka chatha uja. Mphwanuyo sanalakwitse. Wafika pomwe aliyense womanga tizipangizo timeneti amafika koyamba: kayeza, katumiza, koma sikanaphunzitsidwe kugona. Ndakhala ndikumanga ndi kukonza zoterezi kwa zaka zambiri, m'madimba, m'nyumba zosungiramo mbewu ndi pa mijigo, ndipo madandaulo ambiri a batire omwe amandipeza amathera pa nkhani yomweyi ya tulo. Ndalama ya batire la galimoto isungeni kaye.

Batire tiliyerekeze ndi ndowa ya madzi. Nambala yolembedwa pambali pake, ija imathera ndi mAh, ndiyo kukula kwa ndowayo. Nambala ina, ya mA, imatiuza kuti kachipangizo kakumwa mochuluka bwanji pa nthawiyo. Mukagawa yoyambayo ndi yachiwiriyo mupeza maola omwe batire likhalitse. Batire la 18650 labwino limasunga pakati pa 2,500 ndi 3,500 mAh. ESP32, yomwe ndi kaubongo ka kachipangizo kanu, ikakhala maso, WiFi ili yoyatsa, imadya pafupifupi 100 mA, ndipo pa nthawi yotumiza imatha kufika 240 mA. Tengani 2,500 mugawe ndi 100, mupeza maola 25. Ndilo tsiku lanu limodzi lija. Palibe amene wakuberani, masamu ake ndi omwewo. Poti batirelo linatopa kale m'laputopu, n'kutheka kuti ngakhale 2,500 yo silikuifikanso. Ndiponso mukaona pamsika batire la kukula komweko lolembedwa 9,900 mAh, lisiyeni pomwepo, chifukwa 18650 yosunga moto wochuluka choncho kulibe.

Tsono chinsinsi cha zaka zisanu zija ndi ichi. Kaubongo ka m'kati mwa kachipangizoka, komwe timakatcha microcontroller, kali ndi tulo take totchedwa deep sleep. Kakalowa m'tulo timeneti kamazimitsa wailesi ndi china chilichonse, n'kusiya kawotchi kakang'ono kokha koti kadzakadzutse. ESP32 ikagona motero imadya pafupifupi 10 µA, ndipo mu mA imodzi muli ma µA 1,000. Ndiko kunena kuti ili m'tulo imamwa kadontho kamodzi pomwe ili maso imamwa madontho 10,000. Tiyerekeze kuti mphwanu wakalamula kuti kazidzuka kamodzi pa mphindi 10 zilizonse, kayeze, kalumikize WiFi, katumize, zonsezo m'masekondi 5, kenako kagonenso. Mukaphatikiza nthawi yogona ndi yodzuka, kakudya pafupifupi 1 mA basi. Batire lomwelo la maola 25 lija lifika maola 2,500, omwe ndi masiku opitirira 100. Nyengo yonse yowotcha fodya yatha batire lisanafe, ndipo chomwe chasintha ndi mizere yochepa chabe ya pulogalamu.

Apa ndipamene ambiri amakhumudwa kachiwiri, choncho ndikufuna mphwanu awerenge ndimeyi mofatsa. Adzalemba pulogalamu ya tulo, adzasangalala, koma pakatha sabata ziwiri ndi theka batire lidzafanso. Chifukwa chake n'chakuti 10 µA ija ndi ya kaubongo kokha, pomwe tibolodi (timatabwa tomwe kaubongoko kamamatidwapo) tambiri totchipa tomwe timagulitsidwa tili ndi zinthu zina zosagona. Pali kagetsi kofiira koyaka usana ndi usiku. Pali kachigawo kolumikizira USB. Palinso kotsitsa mphamvu ya magetsi, kawirikawiri kolembedwa AMS1117, komwe pakokha kamadya pafupifupi 5 mA ngakhale china chilichonse chitazima. Ndowa yathu ija yabooka pansi: 5 mA yotayika kuphatikiza 1 mA ya ntchito yeniyeni, batire litha m'masiku 17. Njira yodziwira ndi imodzi. Atenge multimeter, chida choyezera magetsi, aiike pa mA, aidutsitse pakati pa batire ndi bolodi, adikire kachipangizo kagone, aone nambala. Ine sindikhulupirira bolodi iliyonse ndisanaiyeze choncho, ngakhale wogulitsa alumbire. Nambalayo ikapitirira 0.1 mA pali chomwe chikuba moto. Kagetsi kaja amakachotsa ndi soldering iron, chitsulo chotentha chowotcherera mawaya, ndipo AMS1117 amaisintha ndi ina yosadya moto, apo ayi agule bolodi yomwe inapangidwira kuyendera batire. Sensa, kachigawo koyeza kutentha, nayo isamalandire moto nthawi zonse, iziyatsidwa pokhapo pakufunika kuyeza.

Nzeru imeneyi si yadzana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Kris Pister wa ku University of California, Berkeley, anayambitsa kafukufuku wotchedwa Smart Dust, loto lake likuti kudzakhale tizipangizo tating'ono ngati fumbi, toyeza zinthu n'kumauzana pa wailesi. Mu 2002 ofufuza anaika tizipangizo totere m'mauna a mbalame za kunyanja pa chilumba cha Great Duck Island, ku Maine m'dziko la America, tikuyendera mabatire awiri a AA, ofanana ndi a m'tochi yaing'ono. Cholinga chinali kudziwa za m'zisa popanda munthu kupitako kukasokoneza mbalamezo. Vuto lomwe ankalimbana nalo ndi lanu lomweli: malo ali kutali, kulibe magetsi, ndipo wailesi ndiyo ikumaliza batire.

Mfundo ya wailesiyo muigwiritse, chifukwa ndiyo iwongolere zina zonse. Kuyeza n'kotchipa, kulankhula ndiye kodula. Kachipangizo kangathe kudzuka pa mphindi ziwiri zilizonse, kuyeza kutentha m'kanthawi kosakwana sekondi, n'kugonanso osayatsa wailesi. Inu mukudziwa kuposa ine kuti fodya safuna phuma. Pomusandutsa wachikasu kutentha kumakhala cham'ma 32 mpaka 40 digiri, poumitsa tsamba kumakwera kufika cham'ma 55, ndipo poumitsa mtsempha wa pakati kumafika cham'ma 70, ulendo wonse wotenga pafupifupi sabata, mukukweza pang'onopang'ono ngati digiri imodzi pa ola. Chinthu choyenda mofatsa chotero sichifuna lipoti sekondi iliyonse. Kazitumiza pa mphindi 15 zilizonse zinthu zikakhala bwino. Koma kakaona kuti kutentha kwatsika kapena kwalumpha kupitirira malire omwe mwaika pa gawo limenelo, kadzutse wailesi nthawi yomweyo.

Pali china chomwe ndikufuna ndikuuzeni mosabisa, chifukwa chikukhudza fodya wanu kuposa batire. Moto ukazirala 2 koloko usiku, uthenga n'kufika pa foni yanu kunyumba, inu muli m'tulo, mudzuke, mufunefune tochi, mupalase njinga makilomita atatu m'matope a February, mukafika madzi atatayika kale. Woyamba kumva ayenera kukhala yemwe ali pafupi ndi nkhuni. Muuzeni mphwanu aike kabelu kolira kwambiri pabalani pomwepo, pamwamba pa pomwe mnyamata amatsamira, koti kazilira kutentha kukangochoka m'malire. Kabelu kameneka sikafuna intaneti, sikafuna bandulo, ndipo sikadya moto mpaka pomwe kalire. Chonde musakaike ngati kazitape wogwira anyamata. Munthu wochezera moto usiku wachinayi motsatizana amagona chifukwa thupi latopa. Akadziwa kuti kabeluko kamudzutsa kutentha kutangotsika madigiri awiri, sadzafikanso pounjika nkhuni chifukwa cha mantha. Akakaona ngati mdani, mudzapeza waya wadulidwa, akuti ndi makoswe.

Tibwere ku njira yofikitsira uthenga kwanu. WiFi inapangidwira m'nyumba, imafika mamita makumi ochepa, n'chifukwa chake mukusiya foni yachiwiri kubalani, yomwe nayo ikufuna kutchaja, ikufuna bandulo, ndipo ikhoza kubedwa. Njira ina ndi kuika SIM khadi ya Airtel kapena TNM m'kachipangizo momwemo kuti kazitumiza SMS. Zimatheka, ndipo SMS imafika ngakhale pa foni ya mabatani. Koma kachigawo kotchuka ka ntchito imeneyi, SIM800L, kamakoka mpaka 2,000 mA m'kamphindi kotumizako. Batire lotopa silipirira, kachipangizo kamazima n'kuyambiranso, n'kuzimanso, mpaka batire kufa. Netiweki ikakhala yofooka kamalimbikira kuifuna ndipo kamadya kwambiri. Onjezanipo mayunitsi a makhadi atatu, komanso khadi ikakhala miyezi osagwira ntchito imatsekedwa, ndiye mudzazindikira pa tsiku lodzaza balani loyamba.

Pa mtunda wanuwo ine ndingasankhe LoRa. Ndi mtundu wa wailesi womwe unayambira ku Grenoble m'dziko la France, ndipo kampani ya Semtech inaugula mu 2012. Siitumiza zithunzi kapena mawu, imangonyamula timauthenga tifupitifupi, monga nambala ya balani, kutentha ndi mphamvu ya batire, koma imatifikitsa makilomita angapo, ndipo kumudzi pamalo poyera imatha kupitirira 10. Siifuna SIM khadi kapena bandulo. Balani lililonse likhale ndi kachipangizo kake kogona, ndipo kunyumba kwanu kukhale kamodzi kolandira, kokhala maso nthawi zonse chifukwa kali pa sola ya panyumba, kali ndi kagalasi koonetsa manambala atatu ndi kabelu kake. Ngati mufuna uthenga uzikupezani muli ku Kasungu boma, SIM khadi imodzi yokha ya pa kolandirako ikwanira. Masamu ake ndi okoma: kudzuka masekondi 2 pa mphindi 15 zilizonse, kudya 40 mA pa nthawiyo, kuphatikiza tulo, zikupereka pafupifupi 0.1 mA. Pa batire la 2,500 mAh amenewo ndi maola 25,000, pafupifupi zaka zitatu. Mwayamba kuona komwe zaka zisanu zija zimachokera. Opanga tizipangizo ta m'mafakitale amagwiritsa ntchito tiubongo togona kwambiri kuposa ESP32, monga STM32L0 kapena MSP430, tomwe m'tulo timadya cham'ma 1 µA.

Dziko la Kasungu ndi lathyathyathya, ndipo zimenezo zikukomerani. Koma LoRa imakonda kuti ma eriyo awiriwo azionana, choncho kukweza eriyo mamita asanu pa nsungwi kumathandiza kuposa kuwonjezera mphamvu yotumizira. Ngati pali chulu pafupi, imikani pamenepo. Poyesa mtunda musayese mu October mitengo ili mbee, chifukwa mudzawotcha fodya chimanga chitatalika, mitengo itavala masamba onyowa, ndipo masamba onyowa amameza siginolo. Pogula onetsetsani kuti tizigawo tonse ndi ta nambala imodzi. Ta 915 MHz ndi ta ku America, pomwe ku Ulaya ndi mayiko ambiri a mu Africa amagwiritsa ntchito 868 MHz. Oyang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno ndi a MACRA, ndipo ndi bwino mphwanu awafunse za zipangizo zololedwa asanaitanitse zambiri.

Tsopano za chitetezo, ndipo apa ndikupemphani musanyengerere. Batire la lithium lisalowe m'balani, ngakhale kutsamira khoma la kung'anjo. 18650 siyenera kutchajidwa pamalo potentha kupitirira madigiri 45, ndipo ikatenthedwa kwambiri kapena kubooka imayaka moto wovuta kuzimitsa, pambali pa fodya wouma. Bokosi la kachipangizo likhale panja, pamthunzi, mbali yotalikirana ndi ng'anjo, m'balani mulowe waya wa sensa yekha, ndipo wayayo asakhudze mapaipi a moto. Mabatire ochotsa m'laputopu alibe kachigawo kowateteza, choncho mphwanu aikepo chotetezera kuti lisatchajidwe mopitirira kapena kukamuka mpaka pansi. Ngati mungapeze batire la LiFePO4, la 3.2 V, ndilo ndimalikonda pa malo otentha chifukwa silipsa msanga, ndipo limatha kuyendetsa ESP32 popanda chotsitsa mphamvu chija. Lili ndi tchaja yake, musaliike pa tchaja ya 18650 wamba. Power bank musavutike nayo: zambiri zimazima zokha zikaona kuti chomwe chalumikizidwa chikudya pang'ono, ndiye kachipangizo kakangogona sikadzukanso.

Simunanene sensa yomwe mphwanu waika. Ngati ndi kabuluu kaja ka DHT11, akachotse, chifukwa kamalekezera pa madigiri 50 pomwe balani lanu limafika 70. Yoyenera ndi DS18B20 ya m'kachitsulo kosalowa madzi, yomwe imayeza mpaka 125 ndipo pa kutentha kwa balani siphonya kupitirira theka la digiri. Masensa angapo otere amatha kuyenda pa waya mmodzi, choncho aike ina pansi pa masamba a m'munsi, ina chakumtunda. Za chinyezi, masensa otchipa a chinyezi amasokonekera msanga m'nthunzi yotentha ya fodya. Ine ndimachita zomwe alimi akhala akuchita ndi themomita yonyowa: nditenga DS18B20 yachiwiri, ndiikulunga kansalu ka thonje komwe mchira wake wamira m'kabotolo ka madzi. Kusiyana kwa youma ndi yonyowa kukuuzani ngati muyenera kutsegula mazenera a mpweya. Musanazikhulupirire, ziyeseni. M'kapu ya madzi odzaza ndi ayezi ziwerenge 0. M'madzi owira musadabwe kuona cham'ma 96 m'malo mwa 100, chifukwa Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo madzi amawira msanga. Themomita yanu yagalasi isachoke m'balani. Pa balani loyamba muziyerekeza ziwirizi m'mawa ndi madzulo, mukulemba m'kope.

Chomwe chimapha tizipangizo tambiri kumudzi si pulogalamu ayi. Chaka china ndinaika kena pa dimba la tomato m'mbali mwa Bua, kanayenda bwino miyezi iwiri, kenako kanangoti zii. Nditatsegula bokosi ndinapeza nyerere zamanga mudzi pa bolodi, mazira ali mbuu pakati pa timiyendo ta kaubongo, dothi lonyowa lomwe zinatuta litadyetsa mkuwa dzimbiri. Zinalowera pa kabowo ka waya komwe sindinamate. Kuyambira pamenepo mawaya onse ndimawalowetsera pansi pa bokosi, bowo ndimata ndi silikoni, ndipo waya ndimamusiya atalendewera pang'ono kuti madzi a mvula azidonthera pansi asanafike pabowo. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mwini dimba anakhala masiku anayi akuganiza kuti zonse zili bwino poti palibe uthenga woipa womwe unabwera. Choncho kolandira ka kunyumba kwanu kazilira ngati balani lina lakhala chete kupitirira theka la ola. Uthenga uliwonse uzinyamulanso mphamvu ya batire, kuti muzilisintha lisanafe.

Nanga inu mukufunikadi zaka zisanu? Ndikuona kuti ayi. Tizipangizo tomwe timafika pamenepo, monga ta m'mamita a madzi, timayendera mabatire apadera a lithium thionyl chloride, a 3.6 V, osatchajika, omwe amangotaya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la moto wawo pa chaka. N'ngoyenera pa malo omwe munthu safikako, ngati pansi pa mjigo. Kubalani kwanu kumakhala anthu tsiku lililonse la nyengo yowotcha, ndipo nyengoyo ndi ya miyezi yochepa. Chomwe mukufuna ndi batire lodutsa nyengo yonse popanda kuliganizira, lina lotchaja kale lili m'thumba. Kasola kakang'ono kangathandize, koma kumbukirani kuti mumawotcha nthawi ya mitambo, ndiye musadalire dzuwa kubisa ndowa yobooka. Nyengo ikatha, chotsani mabatire, muwasunge ali ndi moto wa theka pamalo pozizira, mabokosi muwalowetse m'nyumba.

Pali pomwe mufunika munthu wina. Batire likatupa, likatentha m'manja kapena kununkha, musalitchajenso, liikeni panja pa mchenga kutali ndi udzu. Ngati mudzafune kuti kachipangizoka kaziyatsa fani kapena china chilichonse cha magetsi a ESCOM, imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso. Mlongoti wachitsulo wautali m'nyengo ya mphezi umafuna waya wopita m'nthaka, woikidwa ndi wodziwa. Malire a kutentha pa gawo lililonse musatenge kwa ine kapena pa intaneti, khalani pansi ndi mlangizi wa fodya, monga a ARET kapena wa kampani yomwe mumalima nayo, chifukwa masamba a m'munsi ndi a kunsonga sawotchedwa mofanana. Sabata ino mphwanu ayambe ndi zomwe sizifuna ndalama zambiri: alembe pulogalamu ya tulo, ayeze ndi multimeter kuti kakudya zingati kali m'tulo, aike kabelu pabalani limodzi. Akapeza nambala ya m'tuloyo anditumizire pamodzi ndi chithunzi cha bolodi mbali zonse ziwiri, ndidzamuonetsa choyenera kuchotsa asanagule za LoRa.